Kampasi ya asilikali ya 1943 yachita thovu: itsegulidwe kapena ayi?

A Nkhoma (Mufakose):
Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndikupempha nzeru pa nkhani ya kampasi ya asilikali, chida cholozera kumpoto, imene agogo anga aamuna anasiya, yomwe tsopano ikusungidwa ndi ine. Agogowo kwawo kunali ku Ntcheu, analembedwa usilikali wa King's African Rifles (KAR) ku Zomba pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo nkhondo itatha anabwera kuno ku Harare kukadali kutchedwa Salisbury kudzagwira ntchito ya ulonda. Kampasiyi ndi ya mkuwa wopakidwa utoto wakuda, ili ndi chivindikiro chagalasi chokhala ndi kamzere kowonda pakati, ndipo kunsi kwake kunadindidwa mawu akuti T.G. Co. Ltd London, nambala yake, chaka cha 1943, zilembo za MK III ndi kachizindikiro ka msonga ya muvi. Vuto ndi lakuti madzi a mkati achepa, moti pansi pa galasi pali thovu lalikulu limene limakankha kambale ka manambala ndikapendeketsa dzanja. Timadontho timene tinkawala usiku tasanduka tabulawuni ndipo sitiwalanso. Maganizo anga ndi oti ndiitsegule, ndithire madzi atsopano, ndipale utoto wakufawo, kenako ndipukute mkuwa kuti uwale. Kodi ndiyambire pati, ndipo madzi ake ndi a mtundu wanji?

A Phiri (Mbare):
Mphwanga a Nkhoma, muli ndi chida chabwino kwambiri, ndipo matenda amene mwafotokozawo ndi odziwika pa makampasi a Mk III. Madzi a mkatimo si madzi akumwa ayi, ndi palafini woyengedwa bwino, amene ntchito yake ndi kuletsa kambale kugwedera kuti munthu awerenge nambala msanga. Pakati pa galasi ndi mkuwa pali kagasiketi ka labala, ndipo labala akakhala zaka 80 amauma n'kung'aluka, palafini n'kumathawa pang'onopang'ono, mpweya n'kumalowa. M'mbali mwa kabakuli kamene muli madziwo muli kasikuluwu kothirira. Kungowonjezera palafini osasintha gasiketi n'kungotaya nthawi, chifukwa thovulo lidzabwerera miyezi isanathe. Musathiremo sipiriti kapena mafuta ena ongoganizira, chifukwa ena amasungunula utoto wa manambala. Ine ntchito yanga ndi yokonza mawotchi ndipo zipangizo zazing'ono zomasulira ndili nazo.

Mayi Nabanda (Mabvuku):
Bambo Nkhoma, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musagwire sikuludiraiva, ndipo musapale kanthu kalikonse, mpaka muwerenge zimene ndikulembazi. Ine ndimagwira ntchito yojambula odwala ndi makina a X-ray, choncho nkhani ya cheza choopsa ndi ya tsiku ndi tsiku kwa ine. Utoto wabulawuni umene mukuutcha wakufawo ndi wa radium. Pa nthawi imeneyo ankasakaniza radium ndi ufa wa zinc sulphide, ndipo chimene chinkawala ndi ufawo ukamawombedwa ndi cheza cha radium. Ufa uja ndi umene unatha mphamvu, koma radium akadalipo pafupifupi yense, chifukwa pamafunika zaka 1,600 kuti theka lake lokha lithe. Choncho kusawala sikutanthauza kuti utotowo unazizira.

Kampasi ikakhala yotseka ndipo utoto uli pamalo pake, vuto si lalikulu kwa munthu amene amangoitenga mwa apo ndi apo. Ngozi imayamba utoto ukasanduka fumbi. Thupi limatenga radium ngati kuti ndi calcium n'kukamusunga m'mafupa, ndipo akakhazikika mmenemo amawotcha mkati kwa zaka zambiri. Atsikana amene ankapaka manambala a mawotchi ku Orange, ku New Jersey, m'zaka za m'ma 1920 ankasongola burashi ndi milomo, ndipo ambiri anaola nsagwada ndi kufa ndi khansa ya m'mafupa. Inu simudzameza wochuluka ngati iwo, koma kupala utoto wouma patebulo la m'nyumba mmene muli ana ndi chinthu chimene sindingavomereze kwa aliyense.

A Phiri (Mbare):
Amayi, mwanena zoona pa za kupala, ndipo ine sindinanene kuti apale. Mawotchi akale okhala ndi utoto womwewo timakumana nawo pa ntchito yathu, ndipo lamulo lathu ndi lakuti nkhope ya wotchi yotero sitiipepeta ndi pakamwa, sitiikolopa ndi burashi youma. Koma ndikufunsa kuti, popeza kusintha gasiketi sikukhudza utoto, kodi choletsa n'chiyani ngati munthu wavala magolovesi ndipo akugwirira ntchito panja?

Mayi Nabanda (Mabvuku):
Choletsa ndi palafini yemweyo, bambo Phiri. Pa Mk III utoto wa radium suli pachivindikiro pokha. Uli pa kachizindikiro ka kumpoto pa kambale, uliponso pansi pa kambale pamalo amene prizimu, kagalasi kosuzumirapo powerenga, imayang'ana, kuti nambala izioneka usiku. Malo awiriwa amira m'palafini kuyambira 1943, ndipo tizidutswa ta utoto timakhala titasungunukira mmenemo. Mukamasula galasi, madziwo akhudza zala, nsanza, sirinji ndi tebulo, ndiye funso n'kukhala lakuti zonsezo mukazitaya kuti. Sizoyenera kuthira mu sinki kapena kuponya m'bini ya zinyalala za m'nyumba. M'dziko muno bungwe loona za zimenezi ndi Radiation Protection Authority of Zimbabwe, ndipo ndi kumene munthu angafunse za kayezedwe ndi katayidwe ka zinthu zotere.

A Mwale (Highfield):
Ndalowa mochedwa, koma ndiloleni ndinene za chidacho, chifukwa a Nkhoma ayenera kudziwa chimene agwira m'manja asanaganize zochisintha. Zilembo za T.G. Co. Ltd zikuimira The Gramophone Company ya ku Hayes, kufupi ndi London, kampani yomwe ija ya magalamafoni a His Master's Voice, imene pa nthawi ya nkhondo inatembenukira ku ntchito za zida. Kapangidwe ka Mk III kanachokera kwa Francis Barker & Son a ku London m'zaka za m'ma 1930, ndipo nkhondo itakula makampasi ofanana nawo ankapangidwanso ku Canada ndi kampani ya Kodak, amene mumawazindikira ndi zilembo za C.K.C. Msonga ya muvi ija ndi chizindikiro chakuti katunduyo anali wa boma la Britain.

Nzeru yoika prizimu pa kampasi ndi yakale kuposa pamenepo, chifukwa Charles Schmalcalder anailembetsa ku London mu 1812. Ubwino wake ndi wakuti diso limodzi limaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: chinthu chakutali chimene mwalunjika ndi kamzere ka pachivindikiro, ndi nambala ya pa kambale imene prizimu yaikweza n'kuikulitsa. N'chifukwa chake manambala a mzere wakunja wa kambale analembedwa chozondoka. Anthu ena akaona zimenezi amayesa kuti fakitale inalakwitsa, koma mukasuzumira pa prizimu manambalawo amaima bwino. Kambaleko ndi ka chigoba chonyezimira cha nkhono za m'nyanja, ndipo anasankha chimenecho chifukwa chimaoneka ngakhale kuwala kuli kochepa, monga kum'bandakucha ndi chisisira.

Pa nkhondo yoyamba maofesala ankanyamula mtundu wa Verner, wotchedwa dzina la Colonel Willoughby Verner, makamaka Mk VII ndi Mk VIII. Amenewo ndi ouma, alibe madzi, ndiye kambale kamagwedera nthawi yaitali mpaka munthu adinize kabatani ka m'mbali kuti kadekhe. Mk VIII inawonjezera kachitsulo kamene kamanyamula kambale kuchoka pa msonga yake mukatseka chivindikiro, kuti msongayo isabunthe poyenda. Ine ndili nayo imodzi ya 1917, ndipo nayonso ili ndi radium, kotero sindikhudza utoto wake, monga mmene mayi Nabanda akunenera.

A Nkhoma (Mufakose):
Zikomo kwambiri amayi, sindikhudza utotowo. Kampasiyi yakhala mudirowa ya pafupi ndi bedi, ndipo usiku uno ndiichotsamo. Bambo Mwale, mnzanga wina ataiona ananena kuti makampasi otere ndi ambiri m'misika ya zinthu zakale ndipo ambiri ndi abodza. Kodi yeniyeni imadziwika bwanji?

A Mwale (Highfield):
Mnzanuyo sananame, koma abodzawo savuta kuzindikira munthu akagwirapo yeniyeni. Ambiri amapangidwa ku India kuti azikongoletsa mashelefu. Mkuwa wake umakhala wowala ngati golide, wopanda utoto wakuda, ndipo amadinda dzina la kampani ya ku London ndi chaka chakale kwambiri m'zilembo zazikulu zokongoletsa. Mahinji ake amagwedera, kambale kamakhala ka pepala kapena ka chitini, ndipo prizimu nthawi zambiri sionetsa nambala bwinobwino ngakhale muikweze kapena kuitsitsa. Pa yeniyeni, prizimu imatsetsereka mmwamba ndi pansi mosakhwepa kuti munthu aliyense aikonze molingana ndi diso lake, chivindikiro chimaima chokha pamene mwachisiya, ndipo galasi lozungulira la pamwamba limagwidwa ndi kasikuluwu ka m'mbali mukalimanga. Malinga ndi mmene mwafotokozera yanu, utoto wakuda, timadontho tabulawuni ndi palafini wothawa, ine ndikuona kuti ndi yeniyeni. Opanga zabodza sawononga ndalama kuika radium.

Tsono pa za kupukuta, ndikukupemphani kuti musatero. Utoto wakudawo unaikidwa dala kuti mkuwa usanyezimire padzuwa n'kuulula pamene msilikali wabisala. Malo amene utoto unaperepeseka, monga pa mphete yolowetsa chala chachikulu ndi m'mphepete mwa chivindikiro, ndi pamene manja a anthu ankagwira. Mukapukuta ndi Brasso zonsezo zichoka tsiku limodzi ndipo sizidzabwereranso, komanso mtengo wake kwa osonkhanitsa umatsika kwambiri. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira kunja kwa mkuwa, kupewa malo a utoto wowala uja.

A Mbewe (Dzivarasekwa):
Ine ndinagwira ntchito yopima malo mpaka kupuma, ndipo kampasi ya prizimu ndinkayenda nayo m'tchire pofufuza zikhomo za malire tisanaimike makina akuluakulu. Ndikufuna kuti tisiyanitse mafunso awiri amene asakanikirana pano. Loyamba ndi lakuti kodi kampasiyi ikadali yolondola, lachiwiri ndi lakuti kodi thovulo lichotsedwe. Loyambalo mungaliyankhe osamasula kanthu.

Ikani kampasi pa tebulo lathabwa panja, kutali ndi galimoto, mpanda wa waya, malata ndi foni. Dikirani kambale kadekhe ndipo muwerenge nambala pa prizimu. Kenako bweretsani kiyi wachitsulo chakumanja mpaka kambale kapotoke pang'ono, muchotse kiyiyo, muone pamene kaima. Chitani chimodzimodzi chakumanzere. Ngati maulendo onse kabwerera pa nambala yomweyo, kapena kusiyana kwake sikupitirira theka la digiri, ndiye kuti msonga ndi kamwala kolimba kamene kambale kamazungulirapo zili bwino, ndipo maginito akadali ndi mphamvu. Ngati kaima pena kuchokera kumanja, pena kuchokera kumanzere, msonga inabuntha kapena kamwala kanasweka, ndipo palafini watsopano sangachize zimenezo.

Za thovu, dziwani kuti kuno ku Harare tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka kuposa wa ku London kumene kabakuliko kanatsekedwa. Kathovu kakang'ono kamatha kuoneka m'mawa wa Juni ndi Julayi palafini akanyala ndi kuzizira, n'kuzimirira mu Okutobala. Kathovu kotero sikasokoneza kuwerenga. Koma thovu limene likukankha kambale, monga lanulo, ndi la kudontha, ndipo limasokoneza ndithu chifukwa limakoka kambale kumbali imene lakhala.

A Phiri (Mbare):
Mwamva a Mbewe akuti limasokoneza. Apa ndi pamene ine ndikusiyana ndi a Mwale. Kampasi ndi chida chogwirira ntchito, ndipo anthu amene anaipanga anaika kasikuluwu kothirira chifukwa ankadziwa kuti idzafunika kukonzedwa. Asilikali enieniwo ankaibweza ku malo okonzera zida ikachita thovu. Komanso palafini akatha yense, kambale kadzayamba kugunda pa msonga popanda chochinjiriza, ndipo utoto wa mkati udzauma n'kuyamba kufumbutuka. Kuisiya choncho nakonso n'kuiwononga, kungoti pang'onopang'ono.

A Mwale (Highfield):
Pa mfundo ya palafini kutha, bambo Phiri, ndikugwirizana nanu, ndipo ndi mfundo yolemera. Chimene ndikukana ndi kusandutsa kampasi ya 1943 kuti ioneke ngati yatuluka m'sitolo dzulo. Kusintha gasiketi ndi kuthira palafini woyenera, zikachitidwa ndi munthu amene ali ndi poyezera cheza ndi potayira zotsalira, ndi kusamalira. Kupala, kupenta ndi kupukuta ndiko kufafaniza mbiri. Ku Britain kuli akatswiri amene amachita ntchito imeneyi, koma kutumiza chinthu cha radium pa positi kuli ndi malamulo ake okhwima, choncho si njira yoti munthu angoiyamba yekha.

Mayi Nabanda (Mabvuku):
Nkhawa ya bambo Phiri ndi yomveka, koma siikutikakamiza kuchita changu. Gasiketi imene yatenga zaka makumi kuti itaye gawo la palafini siimaliza wotsalayo sabata ino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba kampasi iyezedwe ndi makina oyezera cheza a Geiger, kunja kwake ndi m'chikwama chake, kuti tidziwe ngati palafini wothawayo anasiya cheza pa chikopa. Pakadali pano bambo Nkhoma aiike m'thumba la pulasitiki lotseka pakamwa kuti tizidutswa tisamwazike, aisunge m'chipinda chopita mphepo chimene anthu sagonamo, pamwamba pamene ana safika. Radium amatulutsa mpweya wa radon umene umaunjikana m'thumba lotseka, choncho thumbalo muzilitsegulira panja, nkhope ili kumbali. Kutalikira kumathandiza kwambiri: mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa inu ndi kampasi, cheza chofika pa inu chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Musaiike m'thumba la malaya tsiku lonse, ndipo muzisamba m'manja mukaigwira.

Mayi Nangozo (Tafara):
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi chifukwa ndimaphunzitsa jogalafe ku sekondale, ndipo ana amavutika kumvetsa za mabeyaringi, manambala osonyeza mbali imene chinthu chili kuchokera kumpoto, akamangoona pabolodi. Ndinali ndi maganizo opempha bambo Nkhoma kuti adzaonetse ana kampasiyi, koma tsopano ndamva kuti ya radium siyenera kupita m'manja mwa ana. Kodi pali ya prizimu imene ili yotetezeka? Komanso mlamu wanga ali nayo ina imene manambala ake amathera pa 64 m'malo mwa 360, ndipo sindinamvetse chifukwa chake.

A Mbewe (Dzivarasekwa):
Amayi aphunzitsi, ya alamu anuyo ndi ya ma mil. Magulu a nkhondo a NATO amagawa bwalo m'zigawo 6,400, ndipo pa kambale amachotsa maziro awiri, n'chifukwa chake mukuona 64. Mayiko amene ankatsatira Soviet Union ankagawa 6,000. Ubwino wa mil kwa msilikali ndi wakuti mil imodzi imatambasuka pafupifupi mita imodzi pa mtunda wa kilomita imodzi, ndiye kuwerengera kwa owombera mizinga kumaphweka. Digiri imodzi ili ndi ma mil pafupifupi 18, kutanthauza kuti munthu akaphonya ndi digiri imodzi, pakutha pa kilomita amakhala atapatuka mamita oposa 17, ndipo pa makilomita khumi wapatuka mamita oposa 170. Chiwerengero chimenechi ana amachigwira msanga mukawatulutsa pabwalo la mpira.

Makampasi a pambuyo pake monga M-73 ndi M-88 a Francis Barker amawala ndi mpweya wotulutsa cheza wa tritium wotsekeredwa m'timachubu tagalasi, osati utoto. Theka la tritium limatha pa zaka 12 ndi miyezi yochepa, choncho ya zaka 25 imawala mofooka kwambiri, ndipo cheza chake sichidutsa galasilo. Komabe kwa ana a sukulu ine ndingasankhe kampasi ya pulasitiki yoonekera ya mtundu wa Silva, chifukwa imagona pa mapu ndipo ana amaona mizere pansi pake.

Muwaphunzitsenso kuti singano siloza kumpoto kwenikweni. Kuno ku Harare imaloza chakumadzulo kwa mpoto weniweni ndi madigiri angapo, ku Cape Town kupatukako kumaposa madigiri 20, ndipo kumasintha chaka ndi chaka. Mapu a 1:50,000 a ofesi ya Surveyor General ali ndi chithunzi m'mphepete chosonyeza kupatukako ndi chaka chimene anayeza, koma popeza mapu ambiri ndi akale, ndi bwino kutenga nambala ya chaka chino pa intaneti, pa World Magnetic Model imene imakonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Ndipo amene amayenda cha ku mzere wa mapiri wa Great Dyke, kaya ku Mutorashanga kapena ku Darwendale, asamale chifukwa miyala ina ya kumeneko imakoka singano. Njira yodziwira ndi kuwerenga beyaringi popita, kenako kuwerenga pobwerera mutaima pa chinthu munalunjikacho. Manambala awiriwo ayenera kusiyana ndi madigiri 180, ndipo akapanda kutero ndiye kuti pamalo amodzi mwa awiriwo pali chokoka.

A Phiri (Mbare):
A Mbewe, pali chinthu china chimene ndimaona pa makampasi ochokera ku Ulaya. Singano imagwa mbali imodzi n'kumakhula pansi ngakhale kampasi ili pathyathyathya. Eni ake amabwera nayo akuganiza kuti inapindika.

A Mbewe (Dzivarasekwa):
Siinapindike, bambo Phiri. Mphamvu ya maginito ya dziko siyenda chogona, imalowa pansi mopendekeka. Ku Britain imakokera pansi mbali ya kumpoto ya singano, ndiye opanga amalemeretsa mbali ya kum'mwera kuti ifanane. Kuno kum'mwera kwa equator mbali yokokedwera pansi ndi ya kum'mwera, ndiye kulemera kuja ndi kukoka kwa dziko zimagwirizana mbali imodzi, singano n'kugwa. Makampasi a kambale monga Mk III savutika kwambiri ndi zimenezi chifukwa kulemera kwa kambale kuli pansi pa msonga imene kakoloweka, koma mukayang'ana cham'mbali mudzaona kuti kapendekeka pang'ono. Pa ya a Nkhoma kupendekekako kukaphatikizana ndi thovu, kambale kangathe kukhudza galasi, choncho poyesa ndi kiyi muja aonetsetse kuti tebulo lili lolingana bwino.

A Nkhoma (Mufakose):
Ndayesa masana ano monga munanenera, a Mbewe, nditavala magolovesi. Ndinaika kapepala kopinda pansi mbali imodzi kuti thovu lipite m'mphepete, kutali ndi prizimu. Kambale kanabwerera pamalo amodzi kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo kanayenda mosakakamira. Mtima wanga wakhala pansi ndithu. Bambo Mwale, funso lina ndi ili. M'banja mwathu timanena kuti agogo anali nayo ku Burma. Pakati pa mamendulo awo pali nyenyezi ya mkuwa yokhala ndi riboni yofiira pakati, m'mbali mwake muli mizere yabuluu ndi yaolenji. Kodi chaka cha 1943 chikugwirizana ndi zimenezo?

A Mwale (Highfield):
Mendulo imeneyo ndi Burma Star, ndipo chaka chikugwirizana bwino. Asilikali a ku Nyasaland a KAR anamenya nkhondo ku Ethiopia mu 1941, ena ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 anali m'gulu la 11th East African Division limene linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu kulowera ku mtsinje wa Chindwin. Chigwa chimenecho chinali cha nkhalango yowirira, matope ndi malungo, ndipo munthu sankaona patali kuti alunjike phiri. Kumeneko kampasi inali moyo. Wotsogolera ankapotoza galasi la pamwamba kufika pa beyaringi imene wapatsidwa, n'kulimanga ndi kasikuluwu, ndiye usiku ankangoonetsetsa kuti kachizindikiro kowala ka kumpoto kagona pansi pa kamzere kowala ka pagalasi, wina pambuyo pake akuwerenga mapazi. Utoto umene tikuuopa lerowu unaikidwa chifukwa cha ntchito imeneyo. Asilikali a Rhodesian African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa kuno mu 1940, nawonso anamenya ku Burma, choncho makampasi a mtundu umenewu anafika mumzinda uno kudzera njira zingapo.

Kampasi sinkapatsidwa kwa msilikali aliyense. Ankanyamula ndi maofesala, masajeni ndi otsogolera timagulu tolondera. Ngati kabuku ka agogo kotulukira usilikali kakadalipo, onani udindo umene anali nawo ndi nambala ya batalioni, chifukwa zimenezo ndi zimene zingalimbitse mbiri ya m'banjamo. Zonse muzilembe pa pepala limodzi, pamodzi ndi nambala ya kampasi, ndipo pepalalo lisungidwe ndi mamendulo, osati m'thumba la kampasi. Mukadzapita kumudzi mudzafikenso ku Zomba pa chipilala cha chikumbutso cha KAR, komanso ku National Archives of Malawi kumene kuli mumzinda womwewo.

A Nkhoma (Mufakose):
Kabukuko kali ndi azakhali anga ku Chitungwiza, ndipo ndikukumbuka chithunzi cha agogo atavala mizere itatu pa mkono. Ndikakatenga Lamlungu. Chikwama chachikopa chiliponso, koma mkati mwake ndi pa mkuwa pamene zimakhudzana pali zobiriwira zomata ngati phula. Kodi nazonso ndi zoopsa?

A Mwale (Highfield):
Zobiriwirazo ndi dzimbiri la mkuwa, limene limabwera chifukwa cha asidi ndi mafuta a m'chikopa, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kampasi isamagone m'chikwama chake, ziwirizi zizisungidwa mosiyana. Zikadzayezedwa n'kupezeka kuti kunja kulibe cheza, mudzachotse zobiriwirazo ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati chitsulo. Chikopa muchiike mapepala ofewa mkati kuti chisafwanyike, ndipo musachinyowetse ndi mafuta ophikira kapena polishi wa nsapato.

A Phiri (Mbare):
Ine ndikadali pa mawu anga oti gasiketi iyenera kudzasinthidwa, koma ndavomera kuti tiyambe ndi kuyeza. Mayi Nabanda, makina a Geiger akapezeka mundiuze, chifukwa m'kabati mwanga muli nkhope za mawotchi akale zimene ndikufuna kuti ziyezedwe tsiku lomwelo. Pakadali pano, a Nkhoma, jambulani thovulo lero mutaika rula pambali, ndipo muzijambulanso mwezi uliwonse nthawi yofanana ya tsiku, kuti tione ngati likukula kapena laima.

Mayi Nangozo (Tafara):
Bambo Mbewe, kodi zingatheke kuti tsiku lina mutiphunzitse kupeza pamene taima pogwiritsa ntchito mapiri awiri ndi mapu? Ndikufuna ndizichite ndekha ndisanaphunzitse ana.

A Mbewe (Dzivarasekwa):
Zingatheke, amayi, ndipo malo abwino ndi ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda, chifukwa pamwamba pa thanthwe munthu amaona patali mbali zonse ndipo mapiri olunjika ndi ambiri. Ndikuganiza Loweruka loyamba la mwezi wamawa, tikumane m'mawa dzuwa lisanatenthe. Ine ndibweretsa mapu, pulotirakita ndi M-73 yanga, a Mwale abweretse ya madigiri ngati ali nayo yopanda radium, kuti tiyerekeze ziwirizo pa phiri limodzi n'kudziwa kuphonya kwa iliyonse. Tikamawerenga tidzaima kutali ndi chipilala cha opima malo chifukwa chili ndi chitsulo, mafoni ndi makiyi tidzaika m'chikwama chimodzi chapatali, ndipo amene amavala magalasi a m'maso a felemu yachitsulo anene msanga kuti tidzayese kaye ngati akukoka kambale. Ofuna kupita alembe mayina pansipa pofika Lachitatu kuti tidziwe magalimoto angati afunika.